Mzere Umene Uli ndi Dzina la ba Mwiinga

Kafue,
pa Sondo masana.

Limbani mwana wanga,

Malaiti apita kuyambira m'mawa, ndiye ndikulemba ndi bolopeni ngati kale, nditakhala pakhonde. Iwe uli kometetsa tsitsi, ndipo ili ndi ola lachitatu, ngati kuti mutu wakowo ndi munda wa maekala. Kalatayi ndiika m'chikwama cha laputopu, pansi pa chaja. M'basi ya ku Lusaka sutsegula chikwamacho, ndikukudziwa, udzachikumbatira njira yonse. Koma pa bwalo la ndeke adzakuuza kuti utulutse laputopu, ndipo pamenepo udzaiona. Usawerenge uli chilili pamzere. Dikira ukhale pansi m'ndeke, umange lamba, ndiye uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale pakati ukwiye.

Za majuzi, za pasipoti ndi za kudya ndakuuza kale pakamwa, mpaka unayamba kuyankha kuti inde amai ndisanamalize kufunsa. Sindibwerezanso. Kapenta ndaika m'sutikesi, m'mapepala atatu. Akakakulanda kumeneko uwapatse chabe, usakangane ndi anthu a yunifomu chifukwa cha nsomba.

Chandilembetsa kalata ndi zimene unakamba Lachisanu tikudya nshima. Unati pokonzekera ntchito yatsopanoyi wakhala ukuwerenga mbiri yonse ya Kabwato, zosintha zonse kuchokera pachiyambi, ndipo wapeza tesiti ina, ya zija zoyesera ngati pulogalamu ikugwira bwino, imene inazimitsidwa zaka khumi ndi zisanu zapitazo, n'kusayatsidwanso mpaka lero. Unati pambali pa mzere umenewo pali dzina la Mwiinga, ndipo pansi pake analemba kuti "kwa kanthawi chabe". Unaseka mpaka kutsamwa. Unafunsa ngati ndi ba Mwiinga omwewa okonza mafoni pa msika, amene anaukitsa foni yako itagwera m'chidebe. Kenako unati sabata yoyamba udzayatsa tesitiyo, udzakonza vutolo, ndipo m'mawu ofotokoza chigamba chako, zosintha zokonzera vutolo, udzalemba, anthu onse aone, kuti linabisidwa ndi munthu wina wosasamala dzina lake Mwiinga. Atate ako anaseka nawo. Ine ndinanyamuka kukatunga madzi, jagi ili yodzaza patebulo.

Usalembe zimenezo. Ba Mwiinga sanazimitse tesiti ija. Ndinazimitsa ndine.

Manje pumira kaye, yang'ana pawindo, ndiye upitirize. Ndikufotokozera momwe zinakhalira, koma ndiyambira patali, chifukwa munthu amene unamuseka uja sumudziwa. Ndipo m'njiramo utolemo zimene zingakuthandize pa ntchito, poti zonse zimene ndimadziwa ndinazidziwa polakwitsa.

Atate ako mpaka lero akamva kuti Kabwato ndi laibulale amaganiza za mabuku, ndipo auza kale anzawo ku tchalitchi kuti ukupita ku Ulaya kukasunga mabuku a azungu. Ndinatopa kuwakonza. Ndimangowauza kuti Kabwato ndi kapulogalamu kamene mapulogalamu ena amakabwereka akafuna kuwolotsa fayilo pa netiweki, kuchoka pa makina awa kupita pa makina awo. Amene anakayambitsa ndi ba Mwiinga, m'kaofesi ka zipinda ziwiri uko ku mafakitale, pa kampani yaing'ono imene inkagulitsa mapampu a madzi kwa alimi a m'mbali mwa mtsinje. Pampu iliyonse inali ndi kabokosi kokhala ndi simu, ndipo ife tinkatha kutumiza pulogalamu yatsopano ku mabokosi onsewo osanyamuka pampando. Kampaniyo inatseka kalekale, koma Kabwato inakasiya poyera kuti aliyense wofuna atenge, kanayenda, mpaka kafika m'manja mwa anthu amene akulemba ntchitowa. Ine ndinalowa pa kampanipo ngati wotaipa makalata. Amene anandiona ndikusuzumira pa kompyuta yawo nthawi ya chakudya chamasana, n'kundikokera mpando kuti ndione bwino, ndi ba Mwiinga.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali pa kumanga, kuja kosandutsa zimene talemba kuti zikhale pulogalamu yoyenda. Nditadziwako pang'ono ndinawonjezera kachigawo mu Kabwato, ndinamanga pa kompyuta yanga, zonse zinayenda, ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndagula Kafue yense. M'mawa ba Mwiinga anati pa kompyuta yawo sikakumangika. Ndinawauza kuti vuto ndi kompyuta yawoyo. Masiku awiri ndinakakamira choncho, ine wa miyezi inayi pa ntchito, kuuza mwini wake Kabwato kuti sadziwa kumanga. Sanandikalipire. Anakatenga kompyuta yakale m'chipinda cha katundu, anafufuta zonse zinali m'menemo, anaiika patsogolo panga, n'kunena kuti ndimange pamenepo iwo akupita kukagula vitumbuwa. Inakana. Panali kafayilo kamodzi kamene ndinakakopera pa kompyuta yanga mwezi wapitawo n'kuiwala, ndipo sindinakaike kumene tinkasunga zonse pamodzi. Atabwerako anandipatsa chitumbuwa osafunsa kanthu. Limbani, mawu akuti kwa ine zikugwira asatuluke pakamwa pako. Laputopu yako yadzaza zinthu zimene unaika n'kuiwala. Usanauze munthu kuti wamaliza, manga pa makina opanda kanthu, makamaka akale ndi ochedwa, amene anzako safuna kuwakhudza.

China, ndinkawerenga zolakwika kuyambira pansi. Kumanga kukalephera mizere yofiira imadzaza sikirini, ndipo ine ndinkagwira wa kumapeto chifukwa ndi umene unali pafupi ndi maso. Tsiku lina ndinathera m'mawa wonse ndikukonza malo asanu amene analibe vuto, ndipo pokonzapo ndinathyola awiri. Ba Mwiinga anangokweza sikirini mpaka pamwamba n'kuloza mzere woyamba. Ndinali nditasintha dzina la fayilo dzulo lake osasinthanso m'malangizo omangira, basi. Mizere ina yonseyo inali ana a woyambawo. Iwenso ndakuona, uli ndi matenda omwewa, umathamangira pansi ngati mayankho amakhala kumchira. Yambira pamwamba, konza chimodzi, manganso, ndiye uone zatsala. Ndipo ukakanika theka la tsiku, funsa. Usaope kuoneka wosadziwa pamaso pa azungu, safunsa anadya phula.

Chachikulu chimene ndikufuna unyamule ndi Chanyanya. Panali mlimi wina wa kumeneko amene ankaimba foni kawirikawiri, akuti bokosi la pampu yake limasiya kulankhula nafe mitambo ikangoda. Mu ofesi tinkamuseka, tinkati pampu yake imaopa bingu. Ndinayesa pa desiki panga katatu, zonse bwino, ndinalemba m'buku la madandaulo kuti vutoli sindinalione, n'kutseka nkhaniyo. Ba Mwiinga anaitsegulanso, ndipo anandiuza kuti mawa ndibwere ndi nsapato zafulati. Tinakwera minibasi, kenako njinga, ine kumbuyo nditagwira laputopu ngati mwana. Tinakakhala pafupi ndi pamene amayi amayanika nsomba, laputopu pa beseni lovundikira, ntchentche zili ng'waa, netiweki ili ndi kamzere kamodzi kamene kankabwera n'kupita. Fayilo imene mu ofesi inkadutsa usanaphethire, kumeneko inkakwawa. Ndipo Kabwato kakakhala masekondi khumi osamva kanthu kankataya mtima n'kusiya. Nambala ya khumiyo ndinaika ndine, chifukwa ku ofesi inkakwana. Mlimi uja anaima kumbuyo kwathu nthawi yonseyi, manja kumsana, ndipo zinalephera maso athu akuona. Ndinachita manyazi kwambiri.

Kuyambira tsiku limenelo tinali ndi lamulo lathu, losalembedwa paliponse, kuti Kabwato katsopano sikatuluka kasanapite ku Chanyanya. Wina wa ife ankanyamula laputopu, kukakhala pa beseni lija theka la tsiku, kubwerako akununkha nsomba, ndiye timatumiza. Kumene ukupitako netiweki ndi yothamanga, anzako sanaonepo fayilo ikuduka pakati. Ukawauza adzakhulupirira ndi mutu chabe. Iwe unakulira kuno, unakwezapo foni m'mwamba kufuna kamzere kamodzi. Chimenecho ndiye ukuwapititsira, osati digiri, madigiri ali nawo ambiri. Chedwetsa netiweki dala, idule pakati, zimitsa makina fayilo ili m'njira, uone chichitike. Ndipo munthu akalemba dandaulo m'Chizungu chothyoka, usaseke Chizungu chakecho. Mfunse ali kuti, ali ndi makina otani, zimachitika nthawi yanji. Usatseke dandaulo chifukwa choti pa desiki pako silikuoneka.

Palinso ichi, chaching'ono. Ndinkakonda kusonkhanitsa zokonza zisanu m'chigamba chimodzi n'kulemba pamwamba pake kuti "zokonza zina ndi zina". Patapita miyezi chimodzi mwa izo chinabweretsa vuto, ndipo ine mwini wake sindinathe kudziwa kuti ndi chiti, kapena kuti ndinachichitira chiyani. Chigamba chimodzi, vuto limodzi, ndipo ulembe chifukwa chake m'mawu oti munthu wobwera iwe utachoka amve. Wobwerayo amabweradi. Sindinkadziwa kuti kwa ine adzakhala mwana wanga, ali ndi nthongo ya nshima m'manja.

Manje ndifike pa nkhani ija. Munali mu Okutobala, dzuwa loti ukaponda phula limamata ku nsapato. Iwe unali mu Giredi 2. Atate ako anali atangochotsedwa ku fakitale pamodzi ndi ena ambiri, ndipo pakhomo pano wogwira ntchito ndinali ndekha. Abwana anali atalonjeza alimi kuti pulogalamu yatsopano ifika ku mapampu pofika Lachisanu. Tinali ndi matesiti ambiri, ndipo ba Mwiinga anakonza kuti tesiti imodzi ikangofiira, kusonyeza kuti yalephera, kumanga kuime, pasatuluke kanthu kotumiza. Tesiti ija unaipezayo ntchito yake inali kudula netiweki dala fayilo ili pakati, kuti tione ngati Kabwato kazindikire kuti sinathe. Kuyambira Lachinayi inayamba misala. Ukayendetsa kanayi imabiriwira, kachisanu imafiira, osasintha kalikonse. Ine ndinati tesitiyo ndi yodwala. Ba Mwiinga anati tesiti sipenga, ikuona chinachake chimene ife sitikuona, ndipo sititumiza mpaka titachipeza, abwana akwiye asakwiye.

Lachisanu masana kunabwera foni yoti akulu awo amwalira ku Monze. Ananyamuka nthawi yomweyo. Mu ofesi munali kompyuta imodzi yokha imene inkaloledwa kulowetsa zosintha kumene tinkasunga Kabwato, ndipo inali yawo, yolowa ndi dzina lawo. Anaisiya yoyaka. Ali pakhomo anatembenuka n'kundiuza kuti ndisatumize kanthu, Lolemba tidzaona pamodzi, kenako tidzapita ku Chanyanya. Ndinavomera.

Abwana anali ku Lusaka tsiku limenelo, ndipo anaimba katatu kufunsa ngati zatheka. Pano ndikanatha kukuuza kuti anandiopseza, kapena kuti ndinaopa kuchotsedwa ntchito iwe n'kugona ndi njala. Ndakhala ndikudziuza choncho zaka zonsezi, koma si zoona. Sanandiopseze. Ndinkafuna chabe kuti aone kuti wotaipa makalata uja angathe kumaliza ntchito popanda ba Mwiinga. Cha m'ma 15 koloko ndinachoka pa mpando wanga n'kukakhala pa wawo. Ndinalemba mzere umodzi wouza makina kuti tesiti ija aidumphe. Ndinalemba pansi pake kuti kwa kanthawi chabe, ndipo ndinkatanthauzadi, ndinkati Lolemba ndidzaiyatsa. Zonse zinabiriwira. Ndinatumiza ku mapampu onse, ndinaimbira abwana kuti zatheka, ndinatseka ofesi. Pobwera ndinakugulira fanta pa siteshoni.

Mabokosi a pafupi ndi tauni analandira bwino. A kutali netiweki inaduka fayilo ili pakati, monga imachitira masiku onse. Kabwato kanatenga kudukako ngati kutha kwa fayilo, n'kunena kuti yafika yonse. Mabokosiwo anameza theka la pulogalamu, anazima kuti ayambirenso, ndipo sanadzukenso. Mapampu anaima. Kuti adzuke panafunika munthu apite ndi njinga yamoto, bokosi ndi bokosi, kukatsegula ndi sikuludiraiva, ndipo anyamata a ntchito imeneyo tinali nawo awiri okha. Inapitirira sabata. Tomato ndi kabichi mu Okutobala sizidikira sabata. Ndinapita nawo tsiku limodzi, ndinaona mayi wina akuthirira ndi chidebe munda woti ngakhale atakhala khumi sakanaumaliza. Anatiyang'ana chabe tikudutsa ndi yunifomu ya kampani.

Ba Mwiinga anabwerera kuchokera kumaliro n'kupeza moto umenewo. Abwana anatiitana tonse, n'kulamula kuti mbiri ya zosintha itsegulidwe. Pa mzere uja panali tsiku la Lachisanu ndi dzina la Mwiinga. Abwana sankadziwa za makompyuta, ndipo sankadziwa nthawi imene ba Mwiinga ananyamuka. Anati zaonekeratu, munthu anazimitsa tesiti kuti amalize msanga athamangire maliro. Anawafunsa ngati ali ndi chonena. Ba Mwiinga anayang'ana sikirini nthawi yaitali, ndiye anati, "Dzinalo ndi langa." Ine ndinali nditaima pafupi nawo, moti ndinkamva fungo la utsi wa kumaliro pa jekete lawo.  Sindinanene kanthu.

Anachotsedwa tsiku lomwelo. Mpando wawo anandipatsa ine. Tinakonza mothamanga mbali ya mabokosi, kuti bokosi liziyeza kaye kukula kwa fayilo lisanameze, ndipo mapampu sanafenso. Koma mu Kabwato mwenimwenimo sindinakhudze. Ndinkaopa kuti ndikayatsa tesitiyo wina adzatsegula mbiri n'kuyang'ana nthawi, n'kufunsa kuti cha m'ma 15 koloko mu ofesi munali ndani. Ndiye vutolo likadalimo, Limbani. Unaona bwino. Kulikonse kumene Kabwato kakugwira ntchito lero pa netiweki yofooka, pali munthu amene akulandira theka la fayilo n'kuuzidwa kuti yonse yafika.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudutsa pa kathebulo kawo ku msika. Timapatsana moni. Amafunsa kuti mnyamata akuphunzira shani, ndimayankha kuti bwino. Kampani itatseka ine ndinapeza ntchito yophunzitsa makompyuta ku sekondale chifukwa cha kalata yabwino imene abwana anandilembera. Iwo kalata yawo inali yoti palibe amene akanawalemba ntchito ataiwerenga. Ine ndinali ndi mwana m'modzi, iwo atatu. Ndinkadziuza kuti nkhani inatha, anthu anaiwala. Koma mlandu suola, ndipo unandipeza pa mbale ya nshima m'nyumba mwanga momwe.

Dzulo ndinakuuza kuti ndikupita kukagula zipi ya sutikesi. Ndinapita kwa ba Mwiinga. Ndinadikira mpaka makasitomala atatha, ndinakhala pa benchi, ndinawauza zonse monga ndakulembera apa. Anali akumasula foni ya munthu, ndipo sanasiye. Anamaliza kuchotsa tizomangira tonse, anatiika m'chivundikiro cha botolo kuti tisatayike, ndiye anati, "Amake Limbani, pa 15 koloko tsiku lija ine ndinali m'basi, titadutsa kale Mazabuka. Ndinadziwa nditangoyang'ana sikirini."

Ndinafunsa chifukwa chake sananene. Anati kompyuta anaisiya yoyaka ndi iwo, ndiye mbali ina mlandu unali wawo. Anati akananena tikanachotsedwa tonse awiri, Kabwato n'kutsala kopanda wokadziwa mapampu ali chigonere. Anatinso ankadziwa kuti atate ako ali pakhomo. Ndinati koma inu munali ndi ana atatu. Anati inde, nawonso anawerenga. Ndiye anandiyang'ana koyamba, n'kunena kuti, "Ndinkadikira kuti munene nokha. Ndinati mwina sabata ino, mwina mwezi uno. Sindinaganize kuti zitenga zaka khumi ndi zisanu."

Ndinalira pa msika, mwana wanga, pakati pa ogulitsa tomato, ine mphunzitsi. Sanandiuze kuti andikhululukira, ndipo sindinapemphe kawiri, si ngati mchere woti ungapemphe mobwereza. Anandisiya ndilire. Nditatonthola anafunsa ngati tesiti ija ikadali yozima. Nditati inde anatsonya, ndipo pamenepo ndi pamene ndinaona mkwiyo pankhope pawo. Anang'amba kabokosi ka batire, anatenga bolopeni, n'kulemba kumbuyo kwake kumene akuganiza kuti vuto lili. Akuti m'basi muja, popita kumaliro, ndi m'mene anazindikira. Kabwato kakaona kuti mbali yotumiza fayilo yatseka kamangokhulupirira kuti fayilo yatha, osayerekeza zimene kalandira ndi kukula kumene kanauzidwa poyamba. Ankati adzandiuza Lolemba. Kapepalako ndakaika m'kalata muno, usakataye. Zaka khumi ndi zisanu osaona pulogalamuyo, koma dzina la fayilo akulikumbukira.

Atate ako ndawauza lero tikuchokera ku tchalitchi.  Ali kuseri akukonza njinga imene ilibe vuto.

Manje tamvera chimene ndikupempha. Ukafika, ukazolowera ofesi, akakupatsa chilolezo cholowetsa zosintha, yatsa tesiti ija. Isiye ifiire, uione ndi maso ako, usathamange, kuthamanga sikufika. Konza vutolo, kapepala ka ba Mwiinga kakutsogolere koma utsimikize wekha. Manga pa makina opanda kanthu. Chedwetsa netiweki ifanane ndi ya ku Chanyanya, yendetsa tesitiyo kambirimbiri mpaka utatopa, chifukwa kubiriwira kanayi ndi kumene kunandinamiza ine. Chigamba chikhale cha vuto limeneli lokha. Ndipo uchite zonsezi pa kompyuta yako, ndi dzina lako. Pa mpando wa mnzako usakhalepo, ndipo yako usaisiye yoyaka ngakhale ukupita kukamwa madzi.

Ndiye m'mawu ofotokoza chigambacho ulembe zoona. Ulembe kuti tesitiyi inazimitsidwa ndi Esinati Zulu, pa kompyuta ya Mwiinga, Mwiinga ali pa ulendo wa kumaliro atamuletsa kutumiza kanthu. Ulembe kuti Mwiinga ndi amene anati tesitiyo ikunena zoona, ndiponso kuti njira yokonzera yachokera kwa iye. Mbiri yakale singafufutike, dzina lawo lidzakhalabe pa mzere uja. Koma aliyense wotsatira mzerewo adzafika pa chigamba chako n'kuwerenga.

Ndikudziwa chimene ndikukusenzetsa. Ukhala watsopano, wochokera kutali, aliyense akuyang'ana ngati ungathe, ndipo chigamba chako choyamba chidzakhala ndi dzina la Zulu kawiri, pamwamba wokonza, m'kati wowononga. Ukhoza kungokonza mwakachetechete osatchula munthu, ndipo adzakuyamikira, palibe amene adzadziwe. Sindingakukakamize, ndidzakhala kutali. Ndikungokuuza kuti ine ndinayesa njira yokhala chete, ndipo ndaona kumene imafika. Ngati wandikwiyira, kwiya, uli ndi chifukwa. Usaimbe foni sabata yonse ngati sukufuna, ungotumiza uthenga kwa atate ako kuti wafika bwino. Koma mkwiyo wakowo usagwere ba Mwiinga kachiwiri.

Anzako atsopanowo akawerenga adzakufunsa za dzinalo, anthu a ntchito imeneyi amaona tizinthu tating'ono. Usawauze kuti ku Zambia a Zulu ndi ambiri. Uwauze kuti ndi amai ako.

Chigambacho chikalowa mu Kabwato, ujambule sikirini unditumizire pa foni. Ndikasindikiza pa pepala ku sukulu, ndikapita nalo ku msika, ndikawawerengera ndekha pa benchi ija.

Ndamva geti, wabwera, ndipo kuchokera pano ndikuona kuti akumeta kwambiri, kumeneko kukazizira mutu umenewo. Chipewa chili m'thumba la m'mbali la sutikesi. Yenda bwino, mwana wanga, Mulungu akutsogolere. Ndasaina dzina lonse kuti ukakopere momwe lilili.

Ndine amai ako,
Esinati Zulu